Mmisiri Amene Anagawa Waya Wobiriwira Patatu

Panali munthu wina kuchigwa cha mpunga, mmisiri wa magetsi, dzina lake Yotamu. Anthu ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: luso lake pa mawaya, ndi mtima wake wokonda kugawa mofanana. Akapha mbuzi paukwati, mpeni ankaupereka kwa iye. Ankadula nyamayo pang'onopang'ono, n'kuika milu pamasamba a nthochi, n'kubwerera m'mbuyo kuti aione bwino, mpaka amalume a mkwati ankayamba kuyasamula ndi njala. Koma akamaliza, panalibe woyang'ana mulu wa mnzake. Ngakhale nzimbe yopatsa ana awiri ankayamba waiyeza ndi chingwe. Mukuseka, koma ine munthu wotere ndimamukonda. Vuto lake linali limodzi: ankakhulupirira kuti chilichonse pansi pano chimagawika.

Mkazi wake anali Nachisale, mlimi wa mpunga, ndipo anali ndi mwana mmodzi, Lute. Nachisale ndi amayi anzake a m'chigwamo anatopa ndi kusenza mpunga wosapuntha kupita nawo kutali. Anagwirizana, namanga chigayo chawochawo m'mphepete mwa minda. Anabweretsa makina akuluakulu, ena opuntha, ena ouluza mankhusu, ena oyeretsa. Makinawo anakhala m'nyumbamo chete, akununkha mafuta atsopano, kudikira magetsi. Magetsiwo anali patali ndithu, pa thiransifoma ya kumsewu. Pakati pa msewu ndi chigayo panali bwalo lalikulu la dothi lakuda, ndi mlambe umodzi. Ntchito yotenga magetsi kumsewu kukawafikitsa kuchigayo anaipereka kwa Yotamu, ndipo palibe anatsutsa.

Mphamvu imene makinawo ankafuna inali yaikulu. Waya mmodzi woti aisenze yonse akanakhala wonenepa ngati mkono, wosapindika, wosalowa m'paipi iliyonse. Tsono Yotamu anachita zimene mmisiri wanzeru amachita. Anakumbitsa ngalande kuchokera kumsewu, kudutsa pafupi ndi mlambe, mpaka pakhoma la chigayo. Anagonekamo mapaipi atatu apulasitiki, oyandikana. M'paipi iliyonse anadutsitsamo mawaya ake onyamula magetsi, kuti katundu yense agawike patatu.

Apa ndiye munthuyo anafika pake. Ntchito imeneyi imafunadi wogawa bwino. Mawaya oyendera limodzi chotere ayenera kufanana kunenepa, kufanananso kutalika. Wina akafupika, magetsi amakonda njira yachidule, amaunjikana mwa iye, iye n'kuyamba kutentha anzake akupuma. Yotamu anayala mawaya onse pabwalo m'mawa, dzuwa lisanapse. Anayenda m'mbali mwake kupita uku ndi kubwerera, akuwongola apa, akukoka apo, kenaka anadula nsonga zonse pamzere umodzi. Amayi opita kuminda ankaima n'kumufunsa, "Bambo a Lute, kodi lero mukuyanika mawaya?" Iye ankangomwetulira. Pa mbali imeneyi sanalakwitse chilichonse.

Panatsala waya mmodzi, wobiriwira uja wachitetezo. Inu amene mwayamba kumene ntchitoyi, tcherani khutu, chifukwa nkhani yonse yagona pa iyeyu. Waya ameneyu sagwira ntchito tsiku labwino. Sayatsa babu, sazunguza makina. Amamangidwa kuzitsulo za makina mbali ino, n'kubwerera kumene magetsi achokera mbali inayo, basi n'kugona. Akhoza kugona zaka ndi zaka. Koma tsiku limene khungu la waya wamoto lang'ambika, magetsi n'kutayikira kumene sayenera kupita, iye ndiye njira yobwererapo. Amawatenga msangamsanga kubwerera nawo kumsewu. Kumeneko kuli buleka, swichi yaikulu ija yodzithimitsa yokha, ndipo ikamva chigumula chikudutsa imadula zonse. Njirayo ikapanda kukhalapo, magetsi amafuna ina. Sasankha, ndipo thupi la munthu nalo kwa iwo ndi njira.

Yotamu zonsezi ankazidziwa. Anayang'ana kukula kwa buleka imene anaika kumsewu, ndipo anadziwa kuti waya wobiriwira woyenerana nayo ndi wonenepa ngati chala chake chachikulu. Anakhala m'mphepete mwa ngalande, chalacho atachitukula, akuchiyang'ana. Kenaka anayang'ana mapaipi atatu aja, ndipo mtima wake unachita zimene unazolowera. Anati mumtima, katundu ndamugawa patatu, nanga chitetezo chikhala chosagawa bwanji? Atatu ang'onoang'ono akaphatikizana akwana chala chimodzi. Anadula mawaya obiriwira atatu, aliyense woonda ngati pensulo, n'kudutsitsa mmodzi m'paipi iliyonse. Sanachite izi chifukwa cha ulesi, ndipo sanali munthu waumbombo. Anachita chifukwa kwa iye zinkaoneka zachilungamo. Anakwirira ngalandeyo, naponda dothi mpaka kulimba, napita kukasamba akuimba mluzu.

Inali nyengo yotentha, mvula isanayambe. Tsiku lotsegulira chigayo linayandikira. Amayi anasoketsa zitenje zofanana, naitana anthu a m'chigwa chonse, ndipo kwaya inkaphunzira nyimbo madzulo aliwonse. Matumba a mpunga wosapuntha anaunjikidwa pakhonde mpaka kufika kudenga. Pa amayi onsewo, anasankha Nachisale kuti ndiye aziima pamakina opunthira.

Nachisale ananyadira kwambiri. Tsiku ndi tsiku ankalowa m'chigayo chosalankhulacho kukayeserera. Ankavula nsapato pakhomo, monga achitira polowa m'nyumba yolemekezeka, n'kuima pasimenti mapazi ali pansi. Dzanja lamanzere ankalitsamiritsa pamlomo wachitsulo wa makinawo, lamanja likuthira mpunga woti palibe. Padzanja lamanzerelo panali chipsera chakale cha chikwakwa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti atsegule, Yotamu anasuzumira pakhomo namupeza ali choncho.

"Mayi a Lute, kodi mukupuntha mphepo?"

"Ndisiyeni ndizolowere, bambo a Lute. Mawa anthu asadzandione ndikunjenjemera." Anasisita chitsulocho ndi chikhatho. "Komatu n'chozizira bwino. Ine pano ndidzakalambira pomwepa."

Yotamu anaseka, natuluka. Dzuwa linali paliwombo. Anapita pansi pa mlambe uja, nakhala pamwamba penipeni pa ngalande yokwiriridwa, natsamiritsa mutu pachikwama cha zida. Nyenje zinkalira mosalekeza. Kutaliko minda youma inkagwedezeka ndi kutentha, ikuoneka ngati yadzaza madzi. Thiransifoma inkang'ung'udza kumsewu, ndipo phokoso lake linasakanikirana ndi la nyenje mpaka kukhala limodzi. Yotamu sanali m'tulo, sanalinso maso. Anangomva dothi likufewa pansi pa msana wake, kenaka linamulola kulowa.

Pansipo sipanali mdima. Panali kuwala kofiirira ngati kwa m'mawa wa fumbi. Mapaipi atatu aja anali atakula, asanduka njira zazikulu zitatu, iliyonse ndi makoma ake. M'njiramo munkayenda anthu ambirimbiri, opanda phokoso, atasenza madengu owala pamutu. Ankatuluka pachipata chachikulu chakumsewu, kulowera kuchigayo. Palibe ankakankha mnzake. Njira ino anthu ake, iyo anthu ake, ofanana kuchuluka, ofanana mayendedwe. Yotamu anadziwa kuti awa ndiwo magetsi ake, ndipo mtima wake unadzaza ndi chimwemwe. Chibadwire anali asanagawepo chinthu bwino chotere.

M'mbali mwa njira iliyonse, kuseri kwa kampanda, munali kanjira kena kakang'ono, komera udzu wobiriwira, kosapondedwa ndi munthu. Kankabwerera kuchipata chija. Pachipatapo panakhala mlonda, chibwano chili pandodo, maso atatseka. Yotamu anamufunsa ngati wagona.

Mlondayo anati, "Sindinagone, ndikumvetsera. Ndikadzamva khamu likubwerera chothamanga pakanjira kaudzuko, ndidzatseka chipatachi. Ntchito yanga ndi yomweyo basi."

Yotamu anayenda pakati pa anthuwo kwa nthawi imene sanathe kuiyeza. Madengu ankadutsa m'mbali mwake ngati nyali zoyandama. Kunali mtendere woti munthu akanafuna kungokhala komweko. Kenaka m'njira yapakati, kampanda kolekanitsa njira yaikulu ndi kanjira kaudzu kanang'ambika. Sikanagwe ndi phokoso. Kanangotseguka ngati nsalu yakale.

Anthu onse anaima. Kenaka a m'njira yapakatiyo anatembenukira pampatapo, monga zichitira ng'ombe zikaona khola lathyoka. Izi Yotamu ankaziyembekezera, ndipo sizinamuopse. Chimene sanachiganizirepo ndi ichi. Anthu a njira ziwiri zinazo, atafika kuchigayo kumene njira zonse zitatu zimakumana, sanalowe m'makina. Anakhota, nabwerera chotsika m'njira yapakati kuchokera mbali inayo. Ena akuchokera kuchipata, ena akuchokera kuchigayo, khamu lonse la njira zitatu linasonkhana pampata umodzi, kutsogolo kwa kanjira kamodzi koonda.

Yotamu anafuula, "Gawanani! Tinjira tilipo titatu! Ndakukonzerani titatu!"

Mayi wina wosenza dengu anadutsa pafupi naye. Sanamuyang'ane n'komwe. Anangoti, "Ife tili pano, bambo. Tinjira tinato tili kuseri kwa makoma."

Anakhamukira pakanjirako. Udzu unafota pansi pa mapazi awo, unafiira, unayamba kufuka. Posakhalitsa kanjirako kanayaka, n'kuduka pakati. Kuchipata kuja mlonda anatukula mutu, pakuti anamva kamkokomo kakanthawi. Koma kanatha msanga, asanatsimikize. Anabwezeranso chibwano pandodo, ndipo chipata chinakhalabe chotsegula, anthu akutulukabe.

Khamulo linatembenukira kuchigayo, kukafuna njira yozungulira yopita kutinjira tinato. Kuti likafike kumeneko linayenera kudzera m'zitsulo za makina, ndipo linakapeza kuti nato n'toonda chimodzimodzi. Anthuwo anadzaza m'zitsulomo mpaka chitsulo chilichonse chinawala. Apo Yotamu anayang'ana kumwamba. Anaona simenti ya chigayo ili mbee ngati madzi, ndipo pamwamba pake panaima mapazi awiri opanda nsapato. Pamlomo wa makina panatsamira dzanja. Khamulo linaima. Mmodzimmodzi anayamba kutembenukira kudzanjalo, mosafulumira, ngati anthu amene apeza njira atasochera nthawi yaitali. Yotamu anaona chipsera cha chikwakwa. Anayesa kuitana mkazi wake, koma m'kamwa mwake munali modzaza dothi.

Chinamudzutsa ndi mbuzi imene inkanunkhiza nsapato yake. Dzuwa linali lisanasunthe kwenikweni. Nyenje zinkalirabe. Kuchigayo kunkamveka Nachisale akuimba yekha.

Musandifunse ngati malotowo anachokera kumwamba kapena m'mutu mwake momwe. Ine ndimaganiza kuti manja ake ankadziwa kale zimene mutu unkakana. Chimene anachiona n'choona, ndipo aliyense wa inu akhoza kuchijambula pansi ndi kamtengo. Mawaya onyamula magetsi ndi olumikizana kumsewu, olumikizananso kuchigayo. Mmodzi akavulala, onse amathira mphamvu zawo pabala lomwelo. Waya wobiriwira amene ali m'paipi imeneyo ndiye amakumana ndi chigumula chonsecho, yekha. Anzake a m'mapaipi ena sangamufikire pa nthawi yake.

Yotamu anakhala pansi pa mlambewo. Anachita mantha, ndipo mantha oyambawo anali a mkazi wake. Koma tinene zoona, pambuyo pake panabwera mantha ena, a dzina lake. Mawa akanatukula swichi, mababu akanayaka. Makina akanazungulira, amayi akanalulutira, mpunga woyera ukanatsika. Cholakwacho chinali pansi pa dothi loponda bwino, ndipo m'chigwa chonse palibe akanachidziwa. Mwina khungu la waya silikanang'ambika m'moyo wake wonse. Kusolola mawaya oondawo n'kulowetsa onenepa sikukanathekanso, chifukwa mapaipiwo anawasankha ongokwanira zimene anaikamo. Njira inali imodzi, kufukula zonse pamaso pa anthu onse, kutatsala tsiku limodzi.

Anamvetsera nyimbo ya mkazi wake kanthawi. Kenaka anaimirira, natenga piki, naimenya pakati pa ngalande.

Amayi anatuluka m'chigayo ndi m'makonde. Patsogolo panali Mayi Namagonya, wapampando wa gululo, munthu wosakonda kuzungulira polankhula.

"A Yotamu, mwataya chiyani pansipo?"

"Sindinataye kanthu, mayi. Ndinalakwitsa. Waya wachitetezo ndinaika wochepa."

"Ndiye kuti magetsi sayaka mawa?"

"Ndikasiya chonchi, ayaka."

"Makina sazungulira?"

"Azungulira. Mwina zaka zambiri."

Mayi Namagonya anayang'ana amayi anzake, kenaka anayang'ananso Yotamu. "Nanga mukukumbiranji, abale? Alendo taitana kale. Mitambo mukuiona iyo. Tiyeni titsegule mawa, zanuzo mudzakonza mpunga ukatha."

"Swichi imeneyo sinditukula, mayi. Ndipo makiyi a bokosi lake ali m'thumba mwangamu."

Anapitiriza kukumba. Za malotozo sananene, pakuti ankadziwa kuti mmisiri wonena za maloto ndiye wadzitsiriza yekha. Nachisale anaima kumbuyo kwa anzake, manja ali m'chiuno, misozi yaukali ili m'maso. Anthu atabalalika anabwera m'mphepete mwa ngalande.

"Bambo a Lute, mwandivula pagulu. Ndikayang'ana bwanji anzanga? Inuyo amene mumayeza ngakhale nzimbe?"

Yotamu anaimika piki. Anayang'ana dzanja la mkazi wake, nafuna kuligwira, koma manja ake anali amatope. Anangoti, "Pepani, mayi a Lute." Ndipo anaweramanso.

Tsiku lotsegulira linadutsa ngalande ili yasa. Alendo ena amene uthenga sunawapeze anafika atavala bwino, napeza munthu ali m'dzenje mpaka m'chiuno, nabwerera akupukusa mitu. Mvula yoyamba inagwa, n'kudzaza ngalandeyo, ndipo Yotamu anaikapa ndi chidebe. Matumba ena a pakhonde ananyowa. Otsalawo amayi anawasenzanso kupita nawo kuchigayo chakutali, akumunena Yotamu njira yonse. Paukwati wotsatira, mpeni anaupereka kwa munthu wina. Zinamupweteka kwambiri, ndipo sanabise.

Anagoneka mapaipi atatu okulirapo. Anabwezeramo mawaya onyamula magetsi, ofanana monga kale. Kenaka m'paipi yoyamba anadutsitsamo waya wobiriwira wonenepa ngati chala chake chachikulu. M'paipi yachiwiri chimodzimodzi, m'yachitatunso chimodzimodzi. Aliyense anali wathunthu, woyenerana ndi buleka ya kumsewu ngati kuti anzake awiriwo kulibe. Pomanga nsonga zake, Yotamu anamva kachinthu kakumuluma mumtima, chifukwa kwa munthu wokonda kugawa zimenezi zinkaoneka ngati kuwononga mkuwa. Anamangabe, nalimbitsa.

Chigayo chinatsegulidwa mochedwa, popanda kwaya, zitenje zofanana zija zitayamba kale kuchapidwa. Makina anazungulira. Mpunga woyera unatsika, ndipo Nachisale sananjenjemere.

Zaka zinapita. Minda inkadzaza madzi, n'kubiriwira, n'kucha, n'kuuma. Fumbi la mankhusu linkayandama m'kuwala kolowera pazenera, ndipo Nachisale ankaima m'kati mwake, dzanja lili pachitsulo. Pamalo pamene ankatsamirapo penti inatha, chitsulo n'kusalala. Lute anakula, nakwatiwa kutsidya kwa mtsinje. Mkwiyo wa amayi aja unazirala n'kusanduka nkhani yoseketsa. Pansi pa dothi mawaya obiriwira atatu ankagonabe, osagwirapo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Yotamu anakalamba, nadwala, namwalira, osaona chilichonse chotsimikiza kuti anachita bwino kukumba.

Ndiye chaka china, m'nyengo ya dzinja, madzi analowa m'paipi imodzi, napeza pamene khungu la waya linatha mphamvu. Sinali paipi yapakati ngati m'maloto muja. Inali yam'mbali, yoyang'ana kumlambe. Maloto nawo amaphonya, ndipo n'chifukwa chake munthu sasankha paipi yoti aiteteze.

Unali m'mawa wamba. Nachisale, tsopano waimvi, anali pamalo ake, mapazi ali pasimenti yachinyontho, dzanja lili pachitsulo. Kunja kunamveka kuti phu, pansi pa dothi, ngati munthu wagwetsa thumba. Nthawi yomweyo mababu anazima, ndipo makina anachepetsa liwiro mpaka kuima. Nachisale anachotsa dzanja pachitsulopo, nalipukuta pachitenje.

"Aa, athimanso," anatero monyansidwa. Anatuluka kukakhala pakhonde.

Amisiri amene anaitanidwa anafukula pafupi ndi mlambe. Anapeza paipiyo itada m'kati, mawaya amoto atasungunuka n'kumatirirana. Waya wobiriwira anali atapsa khungu, wakuda bii, koma mkuwa wake unali wathunthu. Anasenza chigumula chonse yekha mpaka buleka inadula.

Nachisale anabwera ndi kampando, nakhala m'mphepete mwa dzenjelo kuonerera, monga achitira okalamba pakakhala anthu okumba.

"Mwamuna wanga anakumbanso pomwepa," anawauza. "Kutatsala tsiku limodzi kuti titsegule, tangoganizani. Zitenje titasoketsa, alendo titaitana. Anandichititsa manyazi oti mpaka lero ndikakumbukira ndimatentha kumaso." Anaseka, napukuta m'maso. "Anali munthu wovuta, bambo a Lute. Chimene ankafuna pansipo sindinachimvetse mpaka lero."

Mkulu wa amisiriwo anali atagwira waya wakudayo m'manja. Anafunsa, "Pamene magetsi amazima, inu munali pati, mayi?"

"Pamakina. Nanga ndikanakhala kuti?"

"Munamva kanthu m'dzanjamo?"

Nachisale anatembenuza chikhatho chake, nachiyang'ana modabwa. "Ayi. Ndikanamva chiyani?"

Tsono inu amene mawa mukagwire mapaipi ndi mawaya, mverani. Katundu wa tsiku ndi tsiku gawani, ndipo mugawe mofanana. Koma waya wobiriwira musamuyeze ndi kuchuluka kwa mapaipi. Muyezeni ndi buleka imene ikulondera mzere wonsewo, ndipo paipi iliyonse ikhale ndi wake wathunthu, chifukwa tsoka likadzafika lidzagwera pa mmodzi, lonse, ndipo simudziwa kuti ndi uti. Ngakhale kwanu, ngati muli atatu osamala kholo limodzi, gawanani ntchito, koma aliyense akhale wokonzeka kusenza zonse tsiku limene khomo logogodedwa lidzakhale lake. Mukachita bwino, mwina palibe adzakuthokozeni, pakuti amene mwamupulumutsa sadzamva kanthu. Chitanibe. Ndipo musanadule wayayo, imani kaye, muganizire munthu amene adzatsamire pachitsulocho opanda nsapato, mumupatse dzina la munthu wa kwanu.